Tsiku Limene Lumir Kotas Anathamanga

Mphekesera yake ndi yakuti Lumir Kotas anathawa mkazi wake ku Canada. Sikuti kuthawa banja ayi. Lumir kuthawa banja, akadya kuti? Akuti anathawa ndi miyendo yake yomweyi, masanasana, pamaso pa chinamtindi cha anthu oonera mjaha wa magalimoto, n'kumusiya Marcella pakati pa chipwirikiti m'dziko la eni. Anabwera nayo nkhaniyi ndi mlamu wake, Verlin Stuhr, amene anakwatira mlongo wa Lumir, ndipo Verlin analipo tsikulo. Koma Verlin yemweyo ndi munthu amene nsomba anawedza ali mnyamata ikukulabe mpaka lero. Ndiye ife madala a patebulo lapakona, pamene timamwera khofi m'mawa moyang'anana ndi nkhokwe za chimanga, nkhaniyi tinkaimva ndi khutu limodzi. Tsoka lake khutu linalo linkanong'ona kuti, koma paja ndi Lumir uyu.

Pakuti kuno ku Nebraska, m'dziko la America, amantha alipo, koma Lumir anali mkulu wawo. Mantha akewo sanachite kugula. Ali kamwana, chimphepo chozungulira ngati kamvuluvulu, chija chosasula nyumba, chinatsikira pamunda wa bambo ake. Banja lonse linathawira m'chipinda chapansi pa nthaka, ndipo potuluka anapeza nyumba palibe, pangotsala masitepe okwerera pakhonde ndi chitofu. Kuyambira pamenepo Lumir anayenda moyo wake wonse diso limodzi lili kumwamba.

Ntchito yake inali yoyendetsa basi ya ana asukulu. Ana amene ankawanyamula, ena ndi agogo tsopano, amalumbira kuti tsiku lina ng'ombe inawapitirira, n'kucheukanso kuti ione ngati basiyo yafa. Akafika panjanji ankaima, kutsegula chitseko, kumvetsera, kutsika, kukaigwira njanjiyo ndi dzanja. Njanji yake imeneyo sitima inasiya kalekale kudutsapo, panamera udzu. A khonsolo ataona kuti palibe wina woyang'ana mitambo ngati iye, anamupatsa kiyi wa lipenga lochenjeza anthu za chimphepo. Lipenga limenelo linatilowetsapo pansi pa nthaka pa ukwati, pa maliro, ndiponso tsiku lina kunja kuli mbee, pamene mtambo wake unali utsi wa munthu wotentha matayala. Koma chaka china analiliza chimphepo chilidi m'njira, ndipo palibe anafa. Chifukwa cha tsiku limenelo, kumuseka tinkamuseka, koma kiyi sitinamulande.

Mkazi wake ndiye anali moto. Bambo ake a Marcella anali ndi bwalo la mjaha la dothi kuseri kwa tauni, kumene anyamata ankathamangitsa ziphapha za magalimoto Loweruka lililonse m'chilimwe. Marcella anakulira m'fumbi limenelo, mawu ake n'kukula nawo kuti azimveka pamwamba pa injini. Lumir ankapita kubwaloko ndithu, koma kukaima kunja kwa mpanda, zala zili m'makutu, maso ali pa mtsikanayo. Msewu wa mjahawo sanaupondepo. Chilimwe chinatha, china n'kutha, mpaka Marcella anatopa.

"Iwe Lumir, undifunsira kapena ukudikira nyengo ikhale bwino?"

"Ndimati ndiganize kaye."

"Uganizira m'galimoto. Kwera."

Anakhala m'banja mpaka imvi, woyendetsa ali Marcella.

Chimene patebulo lapakona sitinkadziwa n'chakuti mutu wa Marcella unali utayamba kutaya zinthu. Zinayamba pang'onopang'ono. Makiyi anapezeka m'filiji. Lamlungu lina pochokera kutchalitchi anaimitsa galimoto pamphambano imene wadutsapo moyo wake wonse, n'kumufunsa Lumir kuti kwathu n'kuti. Masiku ambiri ankakhala bwinobwino, wolongolola ngati kale, kenako mwadzidzidzi n'kubwerera ku utsikana, kumafunsa za bambo ake amene anagona kumanda kalekale. Zikamusiya ankadziwa kuti china chake chachitika. Apo m'pamene Lumir anaona chimene anali asanachionepo, Marcella akuchita mantha.

"Usauze munthu," anatero tsiku lina akukanda ufa wa mabanzi athu aja a zipatso pakati. "Ngakhale mlongo wako. Sindikufuna ndikhale chomwera khofi cha madala aja. Walumbira?"

"Ndalumbira."

"Ndiye pali china. Magalimoto aja a ku Montreal ndatopa nako kuwaonera pa kanema. Ndikufuna ndikawamve ndi makutu angawa ndidakali ine."

Lumir, munthu amene akapita ku Omaha, mzinda wa kwathu konkuno, ankatsanzika ngati sabweranso, lero Canada! Anatsegula pakamwa kuti akane, koma mawu akuti ndidakali ine anamutseka.

Ndege anakaniratu. Choncho Verlin, amene anali atapitako kale kumjaha umenewu, anavomera kuwatenga pa galimoto yake. Mkazi wa Verlin anakana ulendowo, akuti phokoso ali nalo kale pakhomo.

Malangizo anagwa ngati matalala patebulo lapakona, ambiri ochokera kwa anthu oti malire a dziko amangowaonera pa mapu. Wina anati ku Canada chisanu chimagwa ngakhale mu Juni. Wina anati apolisi ake amayenda pa akavalo, ukalakwa amakutsatira mpaka kwanu. Koma malangizo a Verlin anali enieni, tisamunamizire.

"Mfuti musiye kunyumba, alamu, pachipata cha malire sasewera nazo. Mutenge zotseka m'makutu, chipewa, jasi la mvula ndi kakhushoni, chifukwa mabenchi ake ndi achitsulo, matako amafa mwini wake ali moyo. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi. Galimoto timaisiya kuhotela, kuchilumba kuli mjahako timapita pa sitima. Foni musaidalire, anthu akachuluka imangosanduka mwala m'thumba. Tikafika tisankhe malo okumanirana tikasochererana. Ndipo madzi, alamu, muzimwa madzi. Dzuwa la pamabenchi paja limagwetsa anthu."

"Limagwetsa angati?" anafunsa Lumir.

"Okwanira."

Chimodzi chokha Verlin anaiwala kunena, chimene chimachitika mjaha ukatha. Kwa iye sichinali nkhani.

Pachipata cha malire, wa yunifolomu anangofunsa ngati ali ndi chilichonse choti aulule. Lumir anaulula kampeni kodulira zikhadabo, maapozi, mabanzi a Marcella, ndi mankhwala ake a BP. Akanapitirira mpaka machimo a ku unyamata chikhala kuti Marcella sanamutsine pantchafu. Atangolowa m'dzikomo Lumir anaona chikwangwani cha liwiro cholembedwa 100, mtima n'kuti phaa.

"Mamailosi handiredi! Anthu awa ndi amisala! Tibwerere!"

"Ndi makilomita, alamu, timailosi tating'onoting'ono. Gonani."

Malo amodzi okha amene Lumir anapumirako bwino ndi m'sitima yapansi pa nthaka ya ku Montreal. Anthu anali thithithi, onse akulankhula Chifalansa, koma kumwamba kunali simenti, mtambo osaoneka. Anamwetulira n'kumuuza Marcella kuti anthu awa ndi anzeru, tauni yonse ili ndi pothawira. Verlin anadikira sitima inyamuke kenako anati, "Mukudziwa kuti panopa mtsinje wonse uli pamutu pathu?" Kumwetulira kuja kunathera pomwepo.

Lachisanu, tsiku loyeserera, galimoto yoyamba itadutsa Lumir anaimva m'mano ndi m'chiwindi momwe, ngakhale anatseka makutu kawiri, za mkati ndi za kunja. Kuiona sanaione. Anangoona utoto wofiira utang'ambika pamaso pake n'kuzimirira. Anayang'ana mpanda wa waya umene unali pakati pa iye ndi imfa, n'kuona kuti ndi waya ngati wa khola la nkhuku, kungoti wonenepako. Marcella ndiye anachotsa zotseka m'makutu n'kuziika m'thumba. Anaimirira, maso akuwala, akukuwa m'khutu la mwamuna wake kuti uyo wachedwa kuponda buleki, uyo matayala amuthera, uyo ndi wamantha ngati iwe. Lumir anamuyang'ana n'kuganiza kuti mwina ulendowu si wolakwika.

Malo okumanirana anasankha mtengo waukulu pafupi ndi mlatho. Verlin anauwomba ndi dzanja ngati ng'ombe yake. Lumir anangogwedeza mutu, koma mumtima ankadziwa kuti mtengo umathandiza munthu amene akukumbukira kuti kuli mtengo.

Loweruka m'mawa kuhotela, Marcella anadzuka n'kukhala pabedi, akuyang'ana makatani.

"Nyumba ino ndi ya ndani?"

"Ndi hotela, Marcella. Tili ku Montreal. Tabwera kudzaona magalimoto."

"Adadi akudziwa kuti ndili kuno?"

"Akudziwa."

Zinamusiya asanamalize khofi. Koma kuyambira pamenepo Lumir sanamutayenso dzanja. M'sitima, pamlatho, pamzere wogula mbatatesi zawo zija zothira msuzi ndi tchizi, iye gwa. Verlin anachita kufunsa ngati akwatirananso mwamseri osamuitana.

Lamlungu, tsiku la mjaha weniweni, kunatentha mochititsa nthumanzi. Kunali kutentha kwa chinyezi, mphepo ili zii, mtundu umene kwathu umatichititsa kuyang'ana kumadzulo. Lumir anayang'ana. Kuseri kwa nyumba zitalizitali za mumzinda kunali kukwera mtambo wakuda, pansi pake pobiriwira. Anthu onse pachilumbapo ankayang'ana msewu, iye yekha kumwamba. Anafufuza ndi maso poti angathawire. Panalibe. Chilumba chinali chathyathyathya, uku mtsinje, uku dziwe lalitali ngati msewu, ndipo khomo la sitima linali kutali, kuseri kwa anthu osawerengeka. Kwa eni kulibe mkuwe. Ngakhale akanaona chimphepo chikutsika, lipenga lake linali ku Nebraska.

Pofuna kuti dzuwa lisamugwetse anamvera malangizo, anamwa madzi. Anamwa botolo, n'kumwa lina, n'kumwanso la Verlin. Amene wafika zaka zathuzi akudziwa chimene chimatsatira. Anapirira. Anasintha kakhalidwe. Anapemphera. Mjaha uli pafupi kutha anaona kuti akapanda kunyamuka, anthu a m'munsi mwake ayamba kuvala majasi a mvula isanabwere.

Anamukoka Verlin pamkono n'kukuwa m'khutu lake. "Alamu, ndikubwera. Mundiyang'anire Marcella."

"Chiyani?"

"Marcella! Musamuchotse diso!"

Verlin anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi mwana? Uyu ndiye amakuyang'anirani inu! Pitani musananyowetse anthu."

Mawu anali pakamwa penipeni. Akanangoti alamu, mkaziyu amaiwala, zikanatha. Koma Marcella anali pompo, akuwomba m'manja, nkhope ili ngwee ngati ya mtsikana, ndipo lumbiro ndi lumbiro. Lumir anatsika masitepe.

Mzere wa kuchimbudzi unali wautali, ndipo atalowa m'kanyumba ka pulasitiki kaja anamva zinthu zikusintha kunja. Injini zinaleka. M'malo mwake kunalira malipenga, ambirimbiri, ena aatali osadukiza. Kenako nthaka inayamba kunjenjemera. Anatuluka lamba ali m'manja. Kumwamba kunali bii. Mphepo yozizira inamuwomba kumaso, zipepala zikuuluka. Ndipo anthu onse, amuna, akazi, okalamba, onyamula ana paphewa, anali paliwiro kulowera mbali imodzi, akukuwa, ena akukwera mipanda.

Munthu wa kwathu akamva lipenga, kumwamba kuli kwakuda, anthu akuthamanga, safunsa. Thupi limadziwa lokha. Lumir anapezeka ali chafufumimba m'kangalande ka udzu, manja ataphimba pankhongo, monga anaphunzitsira ana a m'basi yake zaka zonse zija. Anadikira phokoso lija longa la sitima. Anamva fungo la dothi lonyowa la m'chipinda cha bambo ake. Anadikirabe.

Chimene chinabwera ndi chala chomugogoda paphewa. Mayi wina wopaka utoto kumaso anali atawerama, akumufunsa zinazake m'Chifalansa, n'kupanga chizindikiro cha munthu womwa mowa. Lumir anadzutsa mutu. Anayang'ana bwino anthu othamanga aja. Ankaseka. Ankakupiza mbendera. Malipengawo anali timalipenga ta m'zitini, tili m'manja mwa anyamata oledzera.

Pamenepo anakumbukira Marcella, ndipo mantha a chimphepo anaoneka ngati masewera.

Pamabenchi anapeza makhushoni okhaokha. Anatsika akupunthwa, akuitana dzina limene ngakhale iye mwini sankalimva. Verlin anamupeza pageti lalikulu la mpanda, limene tsopano linali lotsegula, anthu akukhuthukira mumsewu wa mjaha ngati chimanga chotuluka m'nkhokwe.

"Alamu, mwagubuduka kuti? Udzu mpaka m'makutu!"

"Chachitika n'chiyani?"

"Palibe! Mjaha watha, ndiye amatsegula msewu, aliyense amathamangira kukaona opambana akulandira chikho. Ndi mwambo wake. Tiyeni!"

"Marcella ali kuti?"

"Watsogola. Mumamudziwa."

"Mwamuona akulowera kuti?"

"Aaa, m'chigulu muno? Wangoti, Verlin ndigwirire jasi, ndikupita kuntchito, adadi angakalipe. Nthabwala zake zija. Tikamupeza kutsogoloko akukangana ndi wopambana."

Lumir anaima chilili, anthu akumugunda uku ndi uku. Kuntchito. Ntchito ya Marcella pabwalo la bambo ake ankaidziwa, pakuti anaionera zilimwe zambiri ali kuseri kwa mpanda. Mjaha ukatha anthu ankathamangira kwa wopambana, koma mtsikanayo ankatenga chidebe n'kuyenda msewu wonse chobwerera, kumene magalimoto achokera, kutola mabawuti ndi zitsulo zogwa kuti Loweruka linalo zisadzaphulitse tayala la munthu. Ngati mutu wake wabwerera kumeneko, sanapite ndi gulu. Wapita kumene kulibe munthu, kumene msewu umadutsa m'mphepete mwa madzi.

Nanga ngati akulakwitsa? Ngati ali kutsogolo ndithu, akupondedwa pakati pa chigulu, akufunsa alendo za bambo ake? Njira zinali ziwiri, iye anali mmodzi.

Anayang'ana pansi. Pageti panali mzere woyera pamene udzu umathera, tala n'kuyamba. Anaudumpha, anatembenukira kumene anthu onse ankachokera, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

"Alamu! Si kumeneko! Mkazi wanu ali uku! Lumir! Palibe chikukuthamangitsani!"

Verlin anaona zimenezo basi, ndipo n'zimene anabwera nazo kuno.

Kuthamanga mokumana ndi chigulu kuli ngati kusambira mokwera mtsinje. Zigongono zinamupeza m'nthiti. Mbendera inamukwapula kumaso. Chipewa chinapita. Wina anamutukwana m'Chifalansa, ndipo kutukwana kumamveka m'chilankhulo chilichonse. Kenako anthu anayamba kuchepa, kuchepa, mpaka anatsala yekha. Apo m'pamene anazindikira pamene waima. Anali pakati penipeni pa msewu wa mjaha. Tala anali wotentha, akununkha mphira wopserera, ndipo timibulu ta matayala tinkamatirira kunsapato mpaka ankayenda ngati wavala matope. Uku khoma la simenti ndi waya wautali, uko chimodzimodzi. Potulukira panalibe.

Anamva injini ikubwera kuseri kwa khona.

Anadziphatika kukhoma, maso tseke, mimba atailowetsa m'kati kuti ichepe. Anaganiza kuti ndiye basi, woyendetsa wina sanauzidwe kuti mjaha watha. Injiniyo inafika, n'kudutsa pang'onopang'ono. Inali lole yonyamula galimoto yophwanyika, ikuyenda liwiro la basi yake yomwe. Woyendetsa anamubayibitsa.

Anayambanso kuthamanga, ngati kumeneko n'kuthamanga. Pachifuwa pankabaya. Paliponse pamene khoma linali ndi mpata anasuzumira, n'kuona madzi a dziwe lija, akuda chifukwa cha mtambo, mphepo ikuwakwinya. Ankafufuza bulauzi yachikasu pamwamba pa madziwo, uku akupempha kuti asaione.

"Marcella!"

Zii. Bingu lokha linayankha chapatali.

Pakhona lina panali chingwe chotchinga msewu, ndi mayi wamtali waimvi wovala ovololo ya oyang'anira mjaha, wailesi ili pachifuwa. Anatambasula manja n'kulankhula Chifalansa. Ataona kuti mdalayo wangoti kukamwa yasa, anasintha.

"Bambo, kuno n'kotseka. Chikondwerero chili uko mwachokera."

"Ndikufuna mkazi wanga."

"Aliyense akufuna mkazi wake lero. Mukamupeza uko. Bwererani chonde, malole akudutsa."

"Wadutsa pano. Wavala zachikasu."

"Ine ndangofika kumene kudzamanga chingwechi. Muimbireni foni, kapena mukadikire pamene munapangana."

Lumir anagwira chingwecho. Mawu aja anali atawasunga chaka chathunthu, osawauza dokotala wa kwathu, osawauza wansembe, osawauza mlongo wake. Anawatulutsa ngati akusanza mwala.

"Mayi, mkazi wanga amaiwala. Panopa sakudziwa kuti ali kuti. Akuganiza kuti ndi mtsikana, ali pabwalo la bambo ake. Kusambira sadziwa."

Mayiyo anamuyang'ana kamphindi. Anakweza wailesi n'kulankhula mwachangu. Inakhosomola, n'kukhala chete. Analankhulanso. Madontho akuluakulu anayamba kugwa pa tala, nthunzi ikukwera. Lumir ankayang'ana kabokosi kakudako ngati kali ndi moyo wake m'kati. Kenako munatuluka mawu a mwamuna, ambirimbiri, ndipo Lumir sanatolepo ngakhale amodzi. Anangoyang'ana nkhope ya mayiyo kuti aone ngati ikugwa.

Siinagwe. Inakwinyika ngati ya munthu wofuna kuseka pamaliro.

"Mnzanga wa pakhona lotsatira akuti ali ndi agogo ena achikasu. Akuti akuwakalipira kuti msewu wauve chonchi sanauonepo." Anakweza chingwe. "Yendani kumbali, m'mphepete mwa khoma."

Anamupeza Marcella atawerama pakhona, pamene timibulu ta mphira tinaunjikana ngati manyi a mbuzi. Chipewa chake anali atachitembenuza, chadzaza. Pambali pake panali mpata wa pakhoma wotulukira kudziwe, ndipo amuna awiri a maovololo anali ataima pampatapo phewa ndi phewa, akunamizira kuyang'ana mvula. Marcella anacheuka. Anamuyang'ana Lumir monga umayang'anira munthu wokupempha njira.

"Inu bambo, musangoima ngati mzati. Gwirani ichi. Adadi akabwera apeza sindinamalize."

Lumir anagwira chipewacho ndi manja awiri. Mpweya unali usanabwerere. Marcella anatola, naponyamo, anatola, naponyamo. Mvula inalimba, tsitsi lake loyera n'kumatirira pachipumi. Lumir sanamufulumize. Anadziwa kuti zimenezi sizikokedwa, zimachoka zokha. Bingu linagunda pamutu pawo penipeni, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanayang'ane kumwamba.

Marcella anawongoka kuti apumitse msana. Anayang'ana khoma, waya, zikwangwani za Chifalansa. Anayang'ana manja ake akuda. Kenako anayang'ana nsapato za mwamuna amene anaima patsogolo pake.

"Lumir? Iwe waponda msewu wa mjaha?"

"Ndaponda."

"Zinandigwiranso eti?"

"Pang'ono."

"Verlin waona?"

"Sanaone kanthu."

"Wauza ndani?"

"Mayi mmodzi. Wa Chifalansa."

Marcella anaganiza. "Ameneyo sabwera kwathu." Anatenga chipewa, anakhuthulira mphira uja m'manja mwa mmodzi wa amuna aja, n'kumuuza kuti chaka chamawa asese bwino. Kenako anagwira dzanja la Lumir n'kutsogola, monga mwa masiku onse.

Ndi mmene Verlin anawaonera akufika pamtengo uja, Marcella patsogolo, Lumir pambuyo akukokedwa, wonyowa, wopanda chipewa, udzu wa m'ngalande udakali pamalaya.

"Wamupeza kuti wothawayu?" Verlin anafunsa Marcella.

Marcella anatsegula pakamwa, koma Lumir anamufinya dzanja.

"Ndinamva malipenga," anatero Lumir. Limenelo silinali bodza.

Nkhaniyi itafika patebulo lapakona inanenepa msanga. Poyamba Lumir anathawira kuchimbudzi. Pofika nyengo yokolola anali atadumphira mumtsinje. Chisanu chisanagwe anali atagwidwa ndi apolisi a akavalo akulowera ku Nebraska wapansi. Akalowa kudzamwa khofi wina ankaliza lipenga ndi pakamwa, Lumir n'kumwetulira, kuthira shuga. Anthu amene anawanyamula ali ana anayamba kunena kuti kuopa mitambo n'kwina, koma kusiya mkazi n'kwinanso. A khonsolo anayamba kukambirana zoti kiyi wa lipenga apatsidwe wina.

Zinathera pa mgonero wa kutchalitchi, tsiku la bakha wowotcha ndi kabichi wowawasa. Verlin anali ataimirira, foloko ili m'manja, akuonetsa mmene mawondo a Lumir ankakwerera mpaka m'chibwano. Holo yonse inali m'misozi ndi kuseka. Tsiku limenelo mutu wa Marcella unali bwino. Anaika supuni pansi, anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuimirira. Lumir anamukoka diresi. Marcella anamumenya dzanja.

"Verlin, khala pansi, bakha akuzizira."

Verlin anakhala.

"Anasochera ndine," anatero Marcella, ndi mawu ake aja omveka pamwamba pa injini. "Ndimaiwala. Chayamba kalekale, ndipo chikukula. Mawa ndikhoza kukufunsani mayina, musadabwe. Tsiku lija ndinkaganiza kuti ndili pabwalo la adadi, ndinapita kukatola zitsulo m'mphepete mwa madzi. Mwa anthu onse a pachilumba chija, mmodzi yekha anadziwa kumene ndalowera. Ndinamulumbiritsa kuti asanene, ndiye wakhala akukusekererani chaka chonse ngati chitsiru. Ndamumasula. Wina andipatsire mchere."

Mchere unadutsa m'manja ambiri usanafike. Verlin anayang'anitsitsa mbale yake ngati muli nkhani yofunika. Lumir anali atafiira mpaka m'makutu, akuyang'ana pawindo, kumene kunalibe mtambo ngakhale umodzi woti umupulumutse.

Ndiye mphekesera ija ndi yabodza. Lumir Kotas sanathawe mkazi wake ku Canada.